ZA MAGALIMOTO: Bulangete la Pansi pa Boneti

Pa zigawo zonse za galimoto, palibe cimene cimaiwalika monga bulangete lija lakuda lomatidwa kunsi kwa boneti. Mwini galimoto akatsegula boneti, maso ake amathamangira pansi: pa oilo, pa madzi a mu redieta, pa batire. Kumwamba sayang'anako. Tsono bulangetelo limakalamba mwakacetecete, kufikira tsiku limene munthu apeza nyenyeswa zonga gaga wopserera zitamwazika pa injini, nayamba kufunsa ngati mwalowa makoswe.

Mwezi uno tikambirane za kusintha bulangete limeneli, ndipo citsanzo cathu cikhale Mercedes-Benz SL, galimoto yaliwiro ya mipando iwiri imene denga lake limacotsedwa, ya mtundu umene a fakitale anaucha R107. Inayamba kupangidwa m'caka ca 1971 ku Sindelfingen, pafupi ndi mzinda wa Stuttgart m'dziko la Germany, ndipo inapangidwa kwa zaka 18, kufikira mu Ogasiti 1989. Onse pamodzi magalimotowa anakwana 237,287, ndipo ambiri anagulitsidwa ku America. Amene anaonerera sewero la pa wailesi yakanema lochedwa Dallas angakumbukire yofiira ija imene Bobby Ewing anali kuyendetsa. Werengani bwino zakazo: ngakhale yotsiriza kutuluka m'fakitale yapitirira zaka 35, ndipo palibe siponji imene ingakhale pamwamba pa injini ya masilinda 6 kapena 8 kwa nthawi yonseyo niikhalabe yolimba.

Wina adzati, kodi za galimoto ya anthu olemera zalowa bwanji m'magazini ya mabanja? Funsolo ndi loyenera. Koma ana athu ambiri anaphunzira umakanika, ena ku masukulu a nchito zamanja a mishoni, ena pansi pa mtengo wa mango kwa amalume awo, ndipo galimoto yotere ikafuna kukonzedwa, mwini wake amafunafuna makanika amene sadzaiononga. Mbiri ya mnyamata ingamangike kapena kugwa pa nchito imodzi yotere. Komanso Benz ija ya W123, imene inagulitsidwa kuyambira 1976 kufikira 1986 niidzaza misewu ya mu Africa, iri ndi bulangete la mtundu womwewo, lomatidwa ndi guluu m'njira yomweyo. Wodziwa ya SL wadziwanso ya W123.

Nchito za bulangeteli ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kumeza phokoso, pakuti boneti ndi citsulo copyapyala ndi cotakata, cimene popanda comatapo cimalira monga ng'oma. Yaciwiri ndiyo kuchinjiriza penti ku kutentha. Madzi a mu injini yoyenda bwino amatentha madigiri 80 kufikira 90, koma mapaipi a utsi otuluka m'mbali mwa injini amafika madigiri mazana angapo. Ndipo nthawi yoipitsitsa ndiyo pamene mwaima ndi kuzimitsa, cifukwa mphepo yaleka kuwomba, ndipo kutentha konse kumakwera kukaunjikana pansi pa boneti. Onjezanipo dzuwa la Okotobala likuocha kumwamba. Penti yophikidwa mbali ziwiri imayamba kucita mbuu, kenaka ming'alu. Pa galimoto yakale penti ya ku fakitale ndi cuma, ndipo ogula odziwa amaifunsa asanafunse zina.

Alipo onena kuti bulangete linaikidwa kuti moto ukabuka ligwere pa injini ndi kuuzimitsa. Mau amenewo musawadalire. Bulangete limene lamwa nthunzi ya oilo kwa zaka makumi atatu lasanduka nkhuni. Likayamba kulendewera limakhudza zigawo zotentha, ndipo nyenyeswa zake zimagwera pa malamba ndi pakamwa pa sefa ya mpweya. Cozimitsira moto cikhale m'galimoto, bulangete lisinthidwe.

Pogula latsopano, yesero lalikulu ndi siponji ya matiresi, popeza imapezeka pa msika uli wonse ndipo mtengo wake ndi wocepa. Imeneyo sinapangidwire malo otentha: imasungunuka, imayaka msanga, ndipo utsi wake ndi wakupha. Funani bulangete lodulidwa kale pa muyeso wa R107, limene ogulitsa zipangizo za Benz zakale ku Germany, ku Britain ndi ku America amakhala nalo, ndipo poliitanitsa chulani caka ca galimoto ndi nambala ya chasisi. Lina limabwera ndi mbali imodzi yosalala, ina ya timaenje monga thireyi ya mazira. Yosalalayo ndiyo ya guluu. Ngati pali pepala lonyezimira la aluminiyamu, limenelo liyang'ane ku injini. Likafika lopindidwa, liyaleni pansi usiku wonse kuti liwongoke.

Amakanika amasiyana maganizo pa nkhani yocotsa boneti. Ine ndiri kumbali ya ocotsa. Kumata cinthu cotakata muli khosi m'mwamba, guluu akukudontherani m'tsitsi, bulangete nalo likufuna kugwa, ndi kudzizunza cabe. Koma boneti ya SL ndi yaitali, ndipo mutu umodzi susenza denga: pakhale anthu awiri, atatu ngati alipo. Musanamasule mabauti, zungulizani mahinji ndi pensulo kapena tepi ya pepala, kuti pobwezera boneti ikakhale pamalo pake penipeni. Wosalemba zizindikiro amataya madzulo onse akulimbana ndi mipata yosalingana. Masulani waya kapena kapaipi kali konse kopita ku boneti, ikani nsanza pa ngodya za kumbuyo zoyandikana ndi galasi, kenaka igonekeni cagada pa matiresi akale. Apa ndi pamene matiresi ali ndi nchito. Amene asankha kusacotsa boneti aphimbe injini, galasi ndi mbali zonse za kutsogolo ndi nsalu kapena pulasitiki, osasiya mpata.

Tsopano yafika nchito yeniyeni, imene imadya nthawi yocuruka kuposa zina zonse pamodzi. Siponji yakale imacoka ndi manja okha, monga buledi wouma. Cotsala ndi guluu wa ku fakitale, wouma gwa, wokhala ndi ubweya wa siponji womamatirapo. Guluu watsopano akapakidwa pamwamba pa ameneyu sagwira citsulo, amagwira fumbi. Ndipo pakapita miyezi yowerengeka bulangete latsopano lidzalendewera monga linacitira lakale. Makanika wofulumira amagwera pomwepa, pakuti nchito yake imaoneka bwino tsiku lolandira ndalama, niidzamunenera pambuyo pake.

Palani ndi copalira ca pulasitiki ndi burashi yolimba. Mpeni ndi chizulo zikhale m'bokosi mwake, cifukwa zimasiya zikande zimene dzimbiri limayambirapo. Ndipo kumbukirani kuti citsulo cimene muli kupala ndi comweco cimene ciri ndi penti kunja kwake: mukakanikiza ndi mphamvu pakati pa nthiti za boneti, kunja kudzatuluka kathumba kamene kadzaonekera pa dzuwa masiku onse. Valani cophimba kumphuno. Magalimoto ena akale anali ndi mabulangete a ulusi wa galasi, ena a asibesitosi amene amaononga mapapo. Cotero fumbi la bulangete losadziwika linyowetsedwe ndi kupukutidwa, lisauziridwe ndi mpweya wa kompuresa.

Guluu wokana copalira amafuna mankhwala osungunulira guluu. Gwirani kadera kang'ono kokwana dzanja limodzi: nyowetsani, dikirani mankhwala alowe, palani, pukutani, sunthani. Ndi nchito yotopetsa, yoyenera Loweruka lathunthu ndi wailesi pambali. Petulo musayese konse, ngakhale amakanika ambiri anazolowera kutsukira nayo. Nthunzi yake imakwawa pansi niipeza moto uli patali. Thina naye amadya penti, ndipo dontho limodzi logwera kunja kwa boneti lingakudyereni phindu lonse. Gwirirani panja pa mthunzi, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, ndipo ana, amene amakonda kuunjikana pa galimoto yokongola, atumizeni kwina. Mukapeza dzimbiri, likwecheni ndi sandipepa, mupakepo penti yoyamba yochinga dzimbiri, iume. Citsulo ndi cokonzeka pamene nsalu yoyera ipukuta niibwera yoyera.

Guluu wofunika ndi wa kontakiti, m'bale wake wa uja amamatira nsapato, koma wolembedwa pa citini kuti amapirira kutentha. Okonza Benz zakale ambiri amagwiritsa nchito wopopera wa 3M Super Trim Adhesive, nambala 08090. Gulani zitini ziwiri, kuopa kutherwa nchito iri pakati. Guluu wa mapepala ndi zithunzi, ngakhale akhale wopopera, amafewa injini ikangotentha.

Musanatsegule citini, yesani bulangete louma. Ligonekeni pamalo pake, onani m'mene m'mphepete mwake mudzalowera pansi pa milomo ya nthiti, lembani mzere wa pakati ndi coko pa boneti ndi pa bulangete pomwe. Cifukwa cake ndi ici: guluu wa kontakiti sapatsa munthu mwai waciwiri. Mbali ziwiri zopakidwa zikangokhudzana zagwirana, ndipo mukayesa kukoka, siponji ndiyo imang'ambika. Cotero pindani bulangete pakati, mumate theka limodzi poyamba. Pakani pa citsulo ndi pa siponji, mofanana ponse, osaiwala m'mphepete, koma osamiza siponji m'guluu. Kenaka dikirani. Nthawi yake yalembedwa pa citini, ndipo m'Juni imatalika kuposa m'Okotobala. Koma woweruza ndi kuseri kwa cala canu. Guluu akamata cala osatsalirapo, wapsa. Akakoka timaulusi, akali wauwisi, ndipo nthunzi yotsekeredwa mkatimo idzamufooketsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmodzi anyamule theka lopakidwalo m'mwamba, wina alitsitse pang'onopang'ono kuyambira pa mzere wa coko kupita kunja, akusisita ndi cikhatho kapena ndi kogudubuzira penti. Musalikoke kuti lifike. Siponji yokokedwa imabwerera, niisiya m'mphepete mutatseguka. Theka linalo licitidwe cimodzimodzi, ndipo m'mphepete mulowetsedwe pansi pa nthiti ndi copalira cija ca pulasitiki. Ikanipo matabwa osalala ndi zolemera pang'ono, ndipo boneti igone cagada kufikira mawa lake.

Pobwezera, tsatani zizindikiro za pensulo, mangani mabauti pang'ono, tsekani mofatsa, onani mipata ya mbali zonse ziwiri, kenaka limbitsani. Pakani coko pa civundikiro ca sefa ya mpweya, mutseke ndi kutsegulanso: coko akapezeka pa bulangete ndiye kuti pali pokhudzana, ndipo pakonzedwe galimoto isanayende. Yang'ananinso ngati oilo akudontha pa zivundikiro za pamwamba pa injini, pakuti oilo wogwera pa mapaipi otentha ndiye amasanduka nthunzi ija inadya bulangete lakale; gasiketi yotha isinthidwe tsiku lomwelo. Ndipo mwini galimoto auzidwe kuti akapita kokatsukitsa injini, anyamata a paipi yamphamvu asalozetse madzi kumwamba.