Kukhala Mumpingo Mtima Uli ndi Mafunso

Mpingo wa United Church of Canada unakhazikitsidwa mu 1925 pamene mipingo ya Methodist, Congregational ndi gawo lalikulu la Presbyterian m'dzikolo inagwirizana kukhala umodzi. Ndi waukulu pa mipingo yonse ya Chipulotesitanti ku Canada ndipo umadziwika ndi kulolera maganizo osiyanasiyana. Mkhristu wamba saumirizidwa kuvomereza mfundo iliyonse ya chiphunzitso liwu ndi liwu, ndipo ngakhale ofuna ubusa amangoyenera kugwirizana ndi phata la chiphunzitsocho. N'chifukwa chake mumpingowu mumapezekanso anthu amene amaimba nawo nyimbo, kupereka chopereka ndi kuzonda odwala, koma mumtima akukayika za zozizwitsa, za kuuka kwa akufa, ngakhale za Mulungu amene.

Nkhani imene inaonetsa poyera malire a kulolerana kumeneku ndi ya Mayi Gretta Vosper, amene anali mbusa wa mpingo wa West Hill ku Toronto. Iwo anadzozedwa mu 1993, ndipo mu 2001 anauza nkhosa zawo kuti sakhulupirira Mulungu wakumwamba amene amalowerera pa zochitika za anthu. Mpingowo sunawachotse. M'malo mwake mapemphero anayamba kusintha, mpaka mu 2008 anasiya kunena Pemphero la Ambuye, ndipo Akhristu ambiri anachoka. Mu 2016 komiti ya akuluakulu inapeza kuti mayiwa sakuyenera udindowo, koma mu November 2018 mayiwa ndi akuluakulu a mpingo anagwirizana kuti apitirize ntchito. Zofanana nazo zinachitika ku Netherlands, kumene mpingo wa Chipulotesitanti unalola Abusa Klaas Hendrikse kupitiriza kulalikira mu 2010, ngakhale anali atalemba buku lonena kuti Mulungu si chinthu chimene chilipo, koma ndi zimene zimachitika pakati pa anthu.

Amene amati wokayika akhalebe mumpingo ali ndi mfundo zolimba. Yoyamba imachokera m'Baibulo momwemo. Tomasi anakana kukhulupirira za kuuka kwa Yesu asanaone zipsera, koma patapita sabata anali adakali pakati pa ophunzira anzake, ndipo yankho lake analipezera pomwepo. Yobu anafunsa Mulungu mafunso owawa, koma kumapeto kwa bukulo odzudzulidwa ndi anzake aja amene anali ndi yankho pa chilichonse. Mbiri ya mpingo ikuchitiranso umboni: makalata a Mother Teresa amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti kwa zaka zambiri iwo ankamva ngati Mulungu wawatalikira, komabe sanaleke kupemphera ndi kusamalira ovutika ku Kolkata.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mpingo umagwira ntchito zambiri pa moyo wa munthu. Ndiwo umatonthoza pa maliro, kudalitsa ukwati, kuphunzitsa ana khalidwe ndi kukumbutsa olemera za osauka. Munthu amene chikhulupiriro chake chagwedezeka chifukwa cha imfa ya mwana, matenda kapena zimene waphunzira kusukulu, nthawi imeneyo ndi pamene amasowa abale kwambiri. Kumutsekera kunja n'kumuwonjezera bala. Komanso mpingo woletsa mafunso suthetsa kukayika, umangophunzitsa anthu kubisa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo Mkhristu woopa kufunsa ndiye amameza msanga chiphunzitso chilichonse chonyenga.

Mbali inayo nayo siyolankhula zopanda pake. Kuyambira kale Akhristu akhala akudziwika ndi zimene amavomereza pamodzi, monga Chikhulupiriro cha Atumwi ndi chija chinayambira ku msonkhano wa ku Nicaea mu 325. Ubatizo ndi mgonero zimaimira chikhulupiriro chimenecho. Otsutsa amafunsa kuti mpingo ukachotsa dzina la Mulungu m'mapemphero, udzasiyana bwanji ndi bungwe lina lililonse lothandiza anthu. Amakumbutsanso za Akhristu aja anachoka ku West Hill: pofuna kupezera malo okayika, okhulupirira anasowa pokhala m'nyumba imene anaimanga okha. Ena amaloza kuchepa kwa anthu mu United Church of Canada kuyambira zaka za m'ma 1960, ngakhale kuti mipingo ina yambiri m'dzikolo nayonso yachepa, kotero kulolerana sikungakhale chifukwa chokhacho.

Palinso vuto la chikumbumtima cha wokayikayo. Kuimirira pamaso pa anthu n'kumanena mawu amene mtima sukuvomereza kumam'vutitsa munthu woona mtima. Ena amathetsa vutoli pomva mawuwo ngati fanizo, ena amakhala chete pa ndime zimene sangathe kunena, ndipo ena amapita ku magulu ngati a Quaker a ku Britain, amene alibe chivomerezo cholembedwa ndipo amapembedza mwakachetechete.

Poyeza mbali zonsezi, zikuoneka kuti mkanganowu umasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. China ndi munthu amene akufunafuna, china ndi munthu amene watsimikiza kale kuti kulibe chofunafuna. Woyambayo malo ake ndi mumpingo, ndipo sayenera kuchita manyazi kapena kudziona ngati wachinyengo, malinga ngati sakunama za pamene waima. Pali kusiyananso pakati pa wokhala pa benchi ndi woimirira pa guwa. Mkhristu wamba amayankhira mtima wake wokha, pamene mbusa analonjeza kuphunzitsa chikhulupiriro cha mpingo, ndipo anthu amabwera kwa iye kuti awapempherere pa nthawi ya imfa. N'zoyenera kuti iye afunsidwe zambiri kuposa nkhosa zake.

Choncho mpingo wotseguka umathandiza wokayika pokhapokha ngati iwo weniweniwo ukusungabe zimene umakhulupirira. Udindo wake ndi kulalikira momveka, kumvetsera mafunso mosaopseza, ndi kusaika tsiku loti munthu akhale atapeza yankho. Udindo wa wokayika ndi kunena zoona, kulemekeza chikhulupiriro cha anzake, ndi kusaumiriza mpingo wonse kuti usinthe mapemphero ake chifukwa cha mafunso a iye yekha.