Kuwotcha kansa ya prostate kuli ndi muyeso, musakusiye panjira

Abale a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, pali matenda amene azibambo timabisa ngakhale kwa akazi athu. Mkodzo umatuluka modontha, usiku umadzuka kasanu, nthawi zina umaona magazi. Pansi pa chikhodzodzo pali kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kuchipatala amati próstata. Nthawi zambiri kamangotupa ndi ukalamba, koma nthawi zina ndi kansa. Amene angasiyanitse ndi dokotala, atakupimani ndi kuyeza magazi a PSA. Bambo wa zaka 50, kapena wocheperapo ngati atate ake kapena mbale wake anadwalapo, apite akafunse. Paja safunsa anadya phula.

Imodzi mwa njira zochizira ndi radiotherapy, imene ambiri amati kuwotcha. Dzinali limaopsa anthu, koma palibe moto. Makina amalunjikitsa cheza champhamvu pamalo odwalawo, ndipo munthu samva kuwawa. Chezacho sichitsalira m'thupi: mukatuluka mukhoza kudyera mbale imodzi ndi adzukulu. M'dziko lathu makina otere anayamba ntchito mu 2019 pa Hospital Central de Maputo.

Mlimi wa kachewere amadziwa kuti feteleza akachepa mbewu sikula, akachuluka imapsa. Cheza nachonso chimayezedwa, ndipo muyeso wake ndi gray. Njira yakale ndi magray 2 patsiku, masiku asanu pasabata, mpaka akwane 74 kapena 78: pafupifupi masabata asanu ndi atatu. Amagawa chotero kuti mnofu wabwino wa chikhodzodzo ndi matumbo uzipeza mpata wochira usiku ulionse, pamene kansayo ikufooka.

Apa ndi pamene pagona mawu anga. Bambo amene wayamba chithandizochi asachisiye pakati. Kumudzi kungagwe maliro, chimanga chingakhwime m'munda, koma muyeso wosakwana supha kansa yonse, ndipo yotsalayo imaphukanso. Kutsekula m'mimba, kutentha pokodza ndi kutopa zimabwera, makamaka m'masabata omaliza, ndipo kwa ambiri zimachepa chithandizo chikatha. Ena mphamvu za m'nyumba zimachepa. Zimenezi muuze dokotala mosachita manyazi, si chifukwa chothawira. Akakuuzani kumwa madzi musanalowe, imwani: chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo kutali ndi cheza. Zizindikiro zimene ajambula pakhungu musazifufute.

Ena adzati makina amalakwa. N'zoona. Ku Panama, mu 2000 ndi 2001, odwala 28 analandira cheza choposa muyeso chifukwa cha kulakwa powerengera pakompyuta, ndipo ena anamwalira. Koma phunziro lake ndi lakuti makina aziyezedwa kawirikawiri, ndipo chiwerengero cha munthu mmodzi chizionedwanso ndi mnzake. Wodwala nayenso ali ndi ufulu wofunsa kuti alandira magray angati, kwa masiku angati.

Komabe si chilungamo kudzudzula wodwala yekha. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Mlimi wa ku Ulongwe akagona kuti miyezi iwiri? Adya chiyani? Mbuzi zikatha m'khola, amabwerera. Chonsecho njira yaifupi ilipo. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa CHHiP, amene anatuluka mu 2016 atatsata azibambo oposa 3,000, anapeza kuti magray 60 ogawidwa masiku 20, masabata anayi okha, amachiza mofanana ndi njira yaitali ija kwa amene kansa yawo sinafalikire.

Choncho tipemphe akuluakulu a zaumoyo zinthu zitatu. Wodwala wochokera kutali, ngati matenda ake alola, apatsidwe njira ya masiku 20. Pakhale nyumba yogonamo pafupi ndi chipatala. Ndipo makina afike kufupi ndi zigawo zathu zino, pamodzi ndi akatswiri owasamala, pakuti makina opanda woyeza ndi ngozi.

Inu mafumu, inu akulu a mpingo, nkhaniyi ikambidwe pabwalo. Ndipo bambo akanyamuka ulendo wa ku Maputo, abale agawane munda wake, kuti asawerenge masiku a kukolola koma amalize masiku amene dokotala wamulembera.