Wogwira kompresa ndi mita ndiye mwini gasi

M'mawa wa pa 1 January 2025, gasi wa ku Russia adasiya kudutsa m'dziko la Ukraine popita ku Ulaya. Mapaipi adali momwemo, gasi m'zitsime adalipo wambiri, ogula nawo ankamufuna. Chidasintha n'choti mgwirizano wa zaka zisanu pakati pa kampani ya Gazprom ya ku Russia ndi ya Naftogaz ya ku Ukraine udatha, ndipo pa siteshoni yoyezera gasi ya ku Sudzha, m'chigawo cha Kursk, mita idayamba kuwerenga ziro. Pasanathe tsiku, anthu a ku Transnistria, dera la ku Moldova, adapezeka alibe chotenthetsera nyumba pakati pa nyengo yozizira.

Nkhani zotere zikamadutsa pafoni, chithunzi chimakhala cha mapaipi ataliatali. Koma paipi payokha ndi chitsulo chabe. Chimene chimaisandutsa bizinesi ndi masiteshoni a mitundu iwiri omwe amamangidwa m'njira: a kompresa, okankha gasi, ndi a mita, owerenga kuchuluka kwake. Amene akulamula pamenepa ndiye akulamula malonda onse. Tisasokoneze apa: sitikunena za gasi wa m'masilinda amene ena akuphikira ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Uyu ndi gasi wochokera pansi pa nthaka, woyendetsa mafakitale ndi makina opanga magetsi.

Gasi sayenda yekha. Amachoka pomwe pali presha yambiri kupita pomwe pali yochepa, ndipo akamayenda amakhulana ndi makoma a paipi, presha n'kumatsika. N'chifukwa chake pa mapaipi a pamtunda mumapezeka siteshoni ya kompresa pakatha makilomita 60 mpaka 160. Gasi akafika amayamba wasefedwa kuti madzi ndi fumbi zichoke, kenako makina amamupanikiza kuti presha ikwerenso. Akapanikizidwa amatentha. Wakabaza aliyense akudziwa kuti pampu imatentha ukapopa tayala. Ndiye amamuziziritsa ndi mafani akuluakulu asanabwerere m'paipi. Makompresa ambiri amayendetsedwa ndi turbine, injini yofanana ndi ya ndege, ndipo injiniyi imadya gasi yemweyo amene ikukankha. Musaiwale mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Kuti muone mphamvu ya kompresa, taonani paipi ya Nord Stream 1. Idayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo imayenda makilomita 1,224 pansi pa nyanja ya Baltic kuchoka pafupi ndi Vyborg ku Russia kukafika ku Lubmin ku Germany. Pansi pa nyanjapo palibe siteshoni ina iliyonse. Ulendo wonsewo unkadalira siteshoni imodzi ya Portovaya, yomwe inkalowetsa gasi m'paipi ndi presha yofika ma bar 220. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi ma bar awiri ndi pang'ono, ndiye chulukitsani ka 100.

Mu June 2022, patatha miyezi inayi Russia italowa ndi nkhondo ku Ukraine, Gazprom idachepetsa gasi wodutsa m'paipiyi kufika pa 40 peresenti. Chifukwa chomwe idapereka? Turbine imodzi yomwe kampani ya Siemens Energy idapita nayo ku Montreal kukaikonza idakanika kubwerera kaamba ka zilango zomwe Canada idaika pa Russia. Canada idafewetsa mtima n'kuilola ichoke, idafika ku Germany, mpaka mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Olaf Scholz, adapita kukajambulitsa nayo mu August pofuna kuonetsa dziko lonse kuti ili bwinobwino. Gazprom idati mapepala ake sakukwanira. Apo n'kuti gasi atatsika kale kufika pa 20 peresenti. Kumapeto kwa August paipi idatsekedwa ati kwa masiku atatu, kenako Gazprom idati yapeza oilo akudontha pa turbine yotsalayo, ndipo sidatsegulenso. Pomwe mapaipiwo ankaphulitsidwa pa 26 September, gasi n'kuti atasiya kale kuyenda.

Germany idati zonsezi zidali ndale, Russia idati vuto lidali makina ndi zilango. Koma taonani chida chomwe chidagwira ntchito apa. Sipadafunike msilikali kapena mfuti, kudangofunika kunena kuti makina a pa siteshoni imodzi sali bwino. Mtengo wa gasi pa msika waukulu wa ku Ulaya, womwe kumayambiriro kwa 2021 udali pafupifupi ma euro 20 pa megawatt-hour, udadutsa ma euro 300 mu August 2022.

Tibwere ku mita. Aliyense amene adagulitsako soya kapena nandolo kwa venda akudziwa kuti mkangano umayambira pa sikelo. Ku gasi n'chimodzimodzi, kungoti ndalama zake ndi mabiliyoni a madola. Siteshoni ya mita imamangidwa pomwe gasi akuchoka m'manja mwa wina kupita kwa wina: pamalire a mayiko, pakhomo la fakitale, kapena polowera mumzinda. Vuto n'loti gasi si chimanga choti uthire m'chigoba. Amafufuma akatenthedwa, amafinyika akapanikizidwa. Choncho mita imayeza liwiro lake, presha ndi kutentha kwake, kompyuta n'kuwerengetsa zonse pa muyezo umodzi womwe mbali ziwirizo zidagwirizana. Mamita ambiri a masiku ano amatumiza timafunde ta phokoso lomwe khutu silingamve kudutsa m'gasi, n'kuona nthawi yomwe tatenga. Palinso chipangizo china choyeza zomwe zili m'gasimo, chifukwa wogula amalipira mphamvu yoyaka yomwe gasiyo ali nayo. Pa paipi yonyamula makyubiki mita 55 biliyoni pachaka ngati Nord Stream 1, mita ikaphonya ndi 1 peresenti yokha ndiye kuti makyubiki mita 550 miliyoni alibe mwini.

Mu January 2009 kompresa ndi mita zidakumana pa mkangano umodzi. Russia idati Ukraine ikuba gasi wopita ku Ulaya, popeza wotuluka adali wochepa poyerekeza ndi wolowa. Ukraine idati wosowayo ndi uja amadyedwa ndi makompresa, ndipo aliyense ankati mnzake ndiye alipire. Gasi adaima kwa pafupifupi masabata awiri, Bulgaria ndi Slovakia adazunzika ndi kuzizira, mpaka bungwe la European Union lidatumiza anthu ake kukakhala pa masiteshoni a mita kuti aziwerenga okha. Mu May 2022 Ukraine idatseka njira ya Sokhranivka ponena kuti siingathenso kuyendetsa siteshoni ya kompresa ya Novopskov yomwe idagwa m'manja mwa asilikali a Russia. Kudatsala Sudzha. Chodabwitsa n'choti asilikali a Ukraine atalanda Sudzha mu August 2024, gasi adapitirirabe kudutsa tsiku ndi tsiku mpaka mgwirizano udatha. Anthu ankaphana, mita ikuwerenga.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati, poti kuno kulibe paipi ya gasi ngakhale imodzi? Yankho lili m'thumba la feteleza. Yureya amapangidwa kuchokera ku ammonia, ndipo ammonia amapangidwa ndi gasi yemweyu. Gasi atakwera mtengo mu 2022, mafakitale ambiri a feteleza ku Ulaya, kuphatikizapo a kampani ya Yara, adachepetsa ntchito, ena adaimiratu. Feteleza akachepa kwina mtengo umakwera kulikonse, ndipo wathu timachita kuitanitsa kudzera m'madoko ngati Beira ndi Nacala. Sikuti turbine ya ku Portovaya ndiyo yokha idatipweteka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, ndalama zakunja nazo zidasowa. Koma mlimi wa ku Kasungu amene sadamvepo dzina loti Portovaya adalipirako gawo la mkanganowo.

Komanso nkhaniyi ili pakhomo pa anansi athu. Kuyambira 2004, paipi ya makilomita 865 imatenga gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, kupita naye ku Secunda ku South Africa. Pofuna kuti izinyamula gasi wochuluka, eni ake adamanga siteshoni ya kompresa ku Komatipoort, kungodutsa malire. M'njira, ku Ressano Garcia, gasi wina amapatulidwa kuti apange magetsi, wina n'kupita ku mafakitale a ku Matola, ndipo paliponse pomwe wapatuka pali mita. Mu 2022 kampani ya Sasol idagulitsa gawo la umwini wake n'kutsala ndi 20 peresenti, pomwe makampani a boma a mayiko awiriwa ali ndi 40 peresenti aliyense. Panopa zitsime za Pande ndi Temane zikuchepa mphamvu, ndipo mafakitale a ku Gauteng, komwe abale athu ambiri akugwira maganyu, ali ndi nkhawa ya komwe gasi wawo adzachokere. Gasi akamachepa, funso loti ndani alandire zingati limayankhidwa pa mita.

Ife achinyamata timasangalala msanga tikamva za chitukuko chachikulu: makilomita angati, madola angati, ndani adzadula riboni. Zomwe zachitika ku Ulaya zikutiphunzitsa mafunso ena osakoma kumva koma ofunika. Makina okankhawo ndi a ndani, ndipo ali mbali iti ya malire? Akawonongeka amakonzedwa kuti, ndipo alipo ena oyembekezera? Gasi amene makinawo amadya amalipira ndani? Mita amawerenga ndani, amaiyesa ndani, nanga mbali ziwiri zikasemphana manambala amaweruza ndani?

Mafunso omwewa akugwiranso pa chingwe cha magetsi cholumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka, komanso pa paipi ina iliyonse yomwe andale angadzatilonjeze. Mayankho ake amakhala m'masamba a mgwirizano omwe sawerengedwa pa msonkhano. Aphungu athu, atolankhani ndi inu amene mukuwerenga pafonipa, tiziwafunsa asanasainirane, chifukwa akasainirana bilu imabwera kwa ife.