Thumba la chimanga silithetsa umphawi

Ndidali ndi zaka zisanu mu 2002 pamene njala idavuta m'dziko muno. Ndimakumbukira amayi akulawira mbandakucha kukaima pa mzere wa chimanga cha chithandizo. Chimangacho chidatipulumutsa, ndipo sindidzanyoza amene adatipatsa. Koma lero, monga mtolankhani, mzere uja ndikuupezabe. Oimapo tsopano ndi anzanga amene tinkasewera nawo, ana ali kumbuyo.

Tawerengani nokha, a Malawi anzanga. Mu 2015 madzi adasefukira ku Nsanje ndi Chikwawa. Mu 2019 kudabwera namondwe Idai, mu 2022 Ana, mu 2023 Freddy amene adapha anthu mazanamazana, ambiri kumunsi kwa phiri la Soche ku Blantyre. Mu 2024 chilala chidachititsa boma kulengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Nthawi zonsezi zochitika ndi zomwezomwezo: matenti, mabulangete, ufa, nduna kujambulitsa, kenaka zii.

Chithandizo cha pangozi ndi chofunika. Munthu akumira sumufunsa mafunso. Koma chitukuko ndi china. Chitukuko ndi ngalande zothirira minda, mitengo m'mapiri amene tidameta mpala, milatho yolimba ndi malo okwera osamukirako anthu a m'madambo. Tili ndi nyanja, tili ndi Shire, koma mlimi wamba akudalirabe mvula ya kamodzi pachaka. Kodi si zamanyazi zimenezi?

Chifukwa chake sichobisika. Thumba la chimanga limaoneka pa chithunzi lero lomwe ndipo wolandira amaomba m'manja. Ngalande imatenga zaka, mwina kudzatha mwini kuiyamba atagwa kale pachisankho. N'chifukwa chake andale a zipani zonse amakonda thumba. Komatu munthu wodikira dzina lake pa mndandanda wa olandira sangadzudzule amfumu kapena phungu. Makolo athu povotera matipate mu 1993 sadafune ufulu wa pa mzere.

Tisaiwalenso kuti mlendo ndi mame. Mu 2025 boma la America lidatseka bungwe lake la USAID, ndipo ntchito zambiri zothandiza anthu zidaima osatsazika. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Choncho phungu akadzabwera ndi lole ya chimanga, landirani ndithu, musagone ndi njala. Koma musanavine, mufunseni kuti ngalande ya kwanu ayamba liti kukumba.