Wogwila kiyi ndani?

Funsani okalamba a ku Katete za nkhondo yaciwili ya dziko lonse, akuuzani za amuna amene anafika mpaka ku Burma ndi gulu la Northern Rhodesia Regiment. Nkhondo itatha ambili anangobwelela ku khasu. Anzawo a ku America anapeza lamulo la GI Bill la mu 1944 likuwadikila, loti boma liwalipilile koleji. Koma asilikali akuda ambili a kum'mwela kwa dzikolo sanalaweko. Aphungu anasiya nchito yogawa m'manja mwa maofesi a m'madela, ndipo mayunivesite a azungu anawakana. Lamulo linali limodzi, koma wogwila kiyi ndiye anasankha wolowa.

Nkhaniyi ndimaikumbuka ndikaona mmene ndalama za sukulu zimayendela kwathu kuno.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa HELSB kuti izipeleka nkhongole kwa ophunzila. Mu 2019 nduna Nkandu Luo anacotsa ndalama ya cakudya, ndipo ana a pa UNZA ndi CBU anangomva monga tinamvela tonse. Boma litasintha, ndalamayo inabwelela mu 2023. Tinaomba m'manja, inenso ndinaomba. Koma cimene nduna wina anacotsa ndi mau, wina n'kubweza ndi mau, wacitatu angacicotsenso.

CDF nayo n'cimodzimodzi. Mu 2022 inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, Mkaika ili momwemo, ndipo gawo lina ndi la ana a sekondale ogonela komweko komanso ophunzila nchito zamanja. Ndi ndalama zenizeni, sindikuzinyoza. Koma fomu ya mtsikana wa kumudzi imadutsa ku komiti ya wadi, ku komiti ya CDF mmene phungu amakhalamo, ndi ku khonsolo. Ndalama zikacedwa, koleji sipita kukakoka khonsolo pa kolala. Imayang'ana mtsikanayo, cifukwa pa onsewa ndi iye yekha amene ingamuimike pa geti.

Anzanga, tisamangofunsa kuti "dzina langa latuluka?" Tifunse kuti maina a osankhidwa ndi zifukwa zake azimatidwa poyela pa wadi iliyonse, tsiku lolipila lizidziwika temu isanayambe, ndipo lamulo linene kuti khonsolo kapena HELSB ikacedwa, koleji ikalonjelele nkhongole kumeneko, wophunzila akulemba mayeso ake.