Pakhonde la Madrasa: Timibulu Togonetsa Ana Athu



Itangopita Eid tidalandira mayi wina wochokera ku Mangochi amene adadza kudzazonda mwana wake. Mnyamatayo amagulitsa kaunjika mu Limbe, amagona ku Bangwe, ndipo kale ankabwera ku madrasa athu a madzulo. Mayiyo adati: "Amwalimu, mwana wanga amulodza. Lilime likulemera ngati woledzera, akuyenda dzandidzandi, koma fungo la mowa palibe. Swala ya Fajr saidziwanso." Titakhala naye pansi mnyamatayo, adatulutsa m'thumba timibulu ta diazepam, timene ambiri amati Valium. Ufiti wake udali umenewo.

Mankhwalawa si oipa mwa iwo okha. Kuchipatala amapulumutsa nawo mwana amene akukomoka ndi malungo. Ntchito yake ndi kufooketsa ubongo kuti munthu adekhe kapena agone, n'chifukwa chake lamulo limafuna kuti agulitsidwe pokhapokha dokotala atalemba, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira zimenezi. Koma mnyamata wathu ankawagula mseri kwa munthu wina kumsika. Adayamba ndi kambulu kamodzi kuti apeze tulo pothawa maganizo a ngongole ya belo la kaunjika. Thupi lidazolowera, kamodzi kadasanduka tiwiri, kenaka tisanu. Loweruka anzake ankamutengera kumalo ovinira m'tauni ya Blantyre, kumene ena amamwera timibuluti ndi mowa. Apa ndi pamene pali imfa, pakuti mowa ndi diazepam zonse zimachepetsa kupuma. Munthu amangogona, anzake n'kumati akupumula.

Achikulire amakumbukira Mandrax. Mankhwala ake, methaqualone, adapangidwa koyamba ku India mu 1951 ndipo ankagulitsidwa ngati ogonetsa. South Africa idawaletsa mu 1977, komabe m'zaka za m'ma 1980 ankawazembetsera kumeneko kudzera m'maiko oyandikana nafe monga Zambia. Mpaka lero ku Cape Town amaphwanya mbuluwo, kusakaniza ndi chamba, n'kusutira pa khosi la botolo losweka. Tikunena izi poti midzi yathu yambiri ili ndi ana ku Joni, ndipo sabwerako ndi mabulangete ndi njinga zokha. Kumeneko ndi ku Ulaya kulinso GHB, timadzi topanda mtundu timene amadonthezera m'chakumwa. Mlingo wosangalatsa ndi mlingo wokomola zimasiyana pang'ono zedi, ndipo amene wakodwa amamwa pakangopita maola awiri kapena atatu, usana ndi usiku. Atsikana athu a m'makoleji asasiye chakumwa chawo pathebulo, chingakhale Fanta yemwe.

Mnyamata uja adatifunsa ngati zimenezi zili haramu, popeza si mowa. Ma ulama amagwirizana kuti chilichonse chophimba nzeru chimalowa m'chilamulo cha khamr, kaya chili m'botolo kaya m'kapepala, kupatula chimene dokotala walemba pa matenda. Ndipo mu Surah Al-Maidah, ndime 90 ndi 91, chifukwa china chimene Allah (SWT) adaletsera zoledzeretsa ndi choti zimatsekereza munthu ku swala. Fajr ya mnyamatayu ndi umboni.

Tsono mvetsani bwino apa, chifukwa makolo achikondi ndi amene amalakwitsa. Mayi uja adafuna kutaya timibulu tonse m'chimbudzi ndi kupita naye mwanayo kumudzi tsiku lomwelo. Tidawaletsa. Munthu amene thupi lake lazolowera diazepam kapena GHB akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, sagona, amaona zinthu zoti palibe, ndipo akhoza kukomoka ngati wa khunyu mpaka kufa. Ukamuona choncho ku Makanjira, chipatala chili kutali, udzati ndi majini. Madokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. Timakumbukira kuti ngakhale mowa udaletsedwa m'magawo: Surah Al-Baqarah idatchula kuipa kwake, An-Nisa idaletsa kuswali uli woledzera, kenaka Al-Maidah idatseka khomo. Sitikuti munthu azidzichepetsera yekha ayi; mlingo amaika ndi dokotala.

Dua ndi ruqya tichite, koma tipitenso kuchipatala. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ndondomeko yothandiza okodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ena amanyinyirika poti eni ake ndi Akatolika. Ife sitiona choletsa, monga momwe sitifunsa chipembedzo cha namwino pobereka. Mukampeza wina wagona osadzuka, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, musamumwetse mkaka kapena kumuthira madzi, thamangani naye kuchipatala mutatenga kapepala ka mankhwalawo.

Mnyamata uja tidamuperekeza limodzi ndi amalume ake, amenenso asenza ngongole ya belo ija. Mayi ake atsalira ku Bangwe, ndipo ndiwo akusunga mankhwala ndi kumupatsa mlingo wa tsiku. Lachisanu lapitali tidamuona pa Juma, mzere wakumbuyo, manja akunjenjemerabe pang'ono.