Silabasi Ikuthamanga, Ana Athu Atsala M'mbuyo

Ife aphunzitsi a pasukulu ina ya pulaimale kumudzi, m'chigawo cha kumwera, tikulembera inu akuluakulu a maphunziro ndi inu a kafukufuku amene mumatiyendera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye taganiza zoyankhula tokha.

Teremu yatha munatitumizira alendo awiri atanyamula mafomu. Anakhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 5 kwa phunziro limodzi, akuchonga ngati zomwe mnzathu amaphunzitsa zikugwirizana ndi silabasi, ngati sikimu yake ili pa sabata yoyenera, ngati walemba zizindikiro za kakhozedwe. Anatiuza kuti ana amakhoza bwino pamene silabasi, zophunzitsa m'kalasi ndi mayeso zikuyendera limodzi. Zimenezo sitikutsutsa ngakhale pang'ono. Mnzathuyo anamuyamikira kuti zonse zili m'malo mwake.

Koma pafupi ndi khomo panakhala mtsikana amene alendowo sanamufunse kanthu. Kope lake ndi laukhondo kuposa la wina aliyense. Amakopera zapabolodi chilembo ndi chilembo, ngati akujambula maluwa. Mukamuuza kuti awerenge zomwe walembazo, amayika chala pa mawu oyamba n'kuzyolika. Ngakhale Chichewa amachita kugwiragwira maphatikizo, pomwe kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, ali m'Chingerezi. Ana otere alipo ambiri m'kalasimo, ndipo fomu ija ilibe malo olembapo za iwo. Pakuwawa mtima wathu ndi pamenepa: mukuyeza ngati ife tafika pa tsamba, osati ngati mwana wafika nafe.

Tsiku lililonse timasankha. Tikaima kuti tithandize otsalira, sikimu imatisiya, ndipo alangizi akabwera amalemba kuti tili m'mbuyo. Tikathamanga, timamaliza silabasi ndi ana khumi a kutsogolo, enawo akungoyankha "inde" pamodzi. Ambiri a ife timathamanga, chifukwa ndi zomwe zimaoneka papepala, ndipo timapita kunyumba chikumbumtima chikutitsutsa.

Vutoli silinayambe dzulo. Maphunziro a ulere atayamba mu 1994, ana a m'pulaimale anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zinali zabwino, ena mwa ife tinaphunzira chifukwa cha zomwezo, koma makalasi ndi aphunzitsi sanachuluke mofanana ndi ana. Silabasi ya PCAR itayamba mu 2007 inati tiziyesa mwana aliyense pafupipafupi, osadikira mapeto a teremu. Mu 2015 panabweranso miyezo 26 yoyezera sukulu. Zonsezi n'zanzeru pa kalasi ya ana 60, monga ndondomeko imanenera. Mnzathu wa Sitandade 2 ali ndi ana 130, okhala pansi mothithikana moti sangadutse kukafika kumbuyo. Buku limodzi amagwirizira ana asanu, ndipo wokhala mbali inayo amaliona chozondoka. Madzulo mnzathuyo amanyamula makope pa njinga kukachonga ndi tochi. Mwana aliyense amuyesa nthawi yanji?

Tisabise, ndondomeko yophunzitsa kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 inatithandiza. Kuyamba mphunzitsi, kenako mphunzitsi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira paokha, ndi njira yabwino. Koma buku la mphunzitsi limapita pa phunziro lina mawa, kaya ana amva kaya sanamve. Amene anajomba sabata ziwiri chifukwa cha malungo kapena kukathandiza makolo ganyu nthawi ya njala, amapeza anzake ali pa zilembo zina, ndipo kubwerera kulibe.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, makalasi athu anasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Mabuku ananyowa, ena anapita. Titatsegulira, mitu ya m'silabasi inali yomwe ija, ndipo a Sitandade 8 tinangowauza kuti aloweze mayankho a mapepala akale. Zotsatira zitatuluka, makolo pamsonkhano analoza ife.

Tikupempha kuti mukabweranso mukhale sabata yathunthu, makamaka mu Febuluwale, mvula ikamabalalitsa ophunzirira pansi pa mtengo. Muitane ana asanu a kumbuyo, muwapatse ndime awerenge, ndipo zomwe mupeze muzilembe pa fomu yomweyo pafupi ndi dzina la mphunzitsi. Mutipatse sabata zobwereza zolembedwa m'silabasi momwemo, kuti woima chifukwa cha ana otsalira asaoneke ngati waulesi. Ndipo olemba silabasi azikhala ndi aphunzitsi a makalasi a ana 100 patebulo asanaisindikize.

Mtsikana uja, malinga ndi sikimu, chaka chamawa akuyenera kulowa Sitandade 6. Aphunzitsi ake ayamba kutsala naye akaweruka, iye ndi anzake asanu ndi atatu, pogwiritsa ntchito buku la Sitandade 2 lomwe anabwereka. Ntchito imeneyi sinalembedwe m'sikimu iliyonse, ndipo tikufuna mutiuze kuti tiziilemba pati.